Chidebe cha a Ngosa

Ku Matero ukafunsa za a Fackson Ngosa, anthu asanakulozere nyumba amayamba akweza dzanja m'mwamba kusonyeza msinkhu. Ndi aja aatali, oyenda motsimphina pang'ono, amene makondakitala amawapatsa mpando wakutsogolo, osati mwaulemu ayi, koma poti kumbuyo kwa minibasi mawondo awo sakwanako. Anabadwira m'nyumba ya khansolo, makolo awo atachokera ku Luwingu, ndipo anakula akuweramira zitseko. Ali mnyamata anasewera basiketibo mpaka dzina lawo linamvekapo pawailesi, kenako bondo linaguluka, wailesi n'kuwaiwala. Chimene anatsala nacho ndi wezulo wa m'khosi ndi ntchito ya ukochi pakoleji ina yaing'ono ya zamalonda, kumene ankaphunzitsa timu ya atsikana.

Bwalo lawo linali kuseri kwa makalasi, la simenti yong'alukang'aluka. Lingi imodzi yoponyeramo mpira inali yopendekeka, ndipo anali atapita nayo kwa owotcherera kangapo konse. Ankasesa okha, mizere ankajambula okha, mvula ikagwa ankakankha madzi ndi tsache ngati pakhonde pawo. Akazi awo, a Ketty, ankawaseka za bwalolo pamaso pa alendo: "Ija khoti ndiye mukazi wao woyamba. Ine ndine wa namba thuu." Onse ankaseka, a Ngosa nawo n'kuseka, koma sanatsutsepo ndi tsiku limodzi lomwe.

Chaka chimene tikunenachi, mvula itangokata, mkulu wa koleji, a Chiti, anawaitanira mu ofesi. A Chiti sanali munthu woipa. Vuto lawo linali loti akaona malo opanda kanthu, maso awo ankaonapo nyumba.

"Ba Kochi, bana balibe pogona," anatero. "Paja pa khoti pangakwane hositelo. Ngati timu siizafika mu fainolo ya makoleji chaka chino, tizamanga."

A Ngosa anatuluka mu ofesimo. Timu yawo inali isanafikepo mu fainolo chiyambire. Kuyambira tsiku limenelo gemu iliyonse inasanduka mlandu, iwo ali oimbidwa.

Magemu oyamba anawaluza mochititsa manyazi. Tsiku lina pa hafu taimu, akufuna kulankhula ndi atsikana awo, anapeza kaputeni akulira pafoni, akukangana ndi chibwenzi, pamene ena awiri ankadzijambula vidiyo akuvina, timu ikumira. Sanakalipe. M'mawa mwake anabwera ndi chidebe cha penti chotha, chokhala ndi chivundikiro, n'kuchikhazika pakati pa bwalo. Lamulo linali limodzi: tsiku la gemu, kuyambira m'mawa, foni iliyonse aitseke pakamwa n'kuiponya m'chidebe, idzatuluka wezulo womaliza akalira. Atsikana ananyinyirika, ena anati ndi usilikali, koma mafoni analowa.

Poti anali munthu wadongosolo, anayenda khomo ndi khomo kwa makolo a atsikanawo, ku George, ku Chawama, ku Kanyama, kukasiya nambala yawo. Ankati foni yawo yokha ndi imene izikhala m'thumba, ndiye kukachitika kanthu aimbire iwo.

Ku Kanyama n'kumene anadziwana ndi mayi ake a Luyando. Luyando anali wa chaka choyamba, wamfupi poyerekeza ndi anzake, wosalankhulalankhula, koma dzanja lake linali losaphonya. Anakula akuthandiza mayi ake kutsitsa kabichi m'malole ku msika wa Soweto, ndipo kuwakha ndi kuponya anaphunzirira kumeneko. A Ngosa anangokonza kapindidwe ka mkono basi. Mayiwo anawalandira pakhonde, n'kuwapukutira mpando ndi chitenje.

"Uyu mwana nakupasani, ba Kochi," anatero. "Alibe tate. Akalakwa mukalipileni monga wanu."

Mlongo wawo wa mayiwo, a Moven, ndi amene anasunga nambalayo m'foni mwawo.

Nyengo yozizira itafika timu inayamba kuwina. Anthu anati ndi chidebe, ena anati ba Kochi apita kwa mneneri, koma zoona zake n'zakuti mpira ukafika kwa Luyando unkathera mu lingi. Kuwinako sikunawapatse a Ngosa mtendere. Anaonda, lamba n'kuboola bowo lina. Kutchalitchi ankakhala thupi lokha, mutu uli pabwalo. Ku ukwati wa mwana wa mchemwali wawo anafika anthu akutsuka mbale, ndipo abale sanaiwale mpaka lero. Mwezi wa mphepo lole inabwera kudzatsitsa mabuloko m'mbali mwa bwalo. A Chiti anati ndi kukonzekera chabe. Atsikana ankakhalira mabulokowo pomanga nsapato, koma a Ngosa sanakhalepo, ngakhale kuwayang'ana ankapewa.

Ndiye kunabwera Okutobala ndi dzuwa lake loswa mutu, ndi gemu ya semifainolo, pabwalo lawo lomwelo. Akawina, bwalo likhala. Akaluza, omanga anali okonzeka.

Tsikulo anthu anadzaza mpaka ena kukwera pamabuloko. Chidebe chinali pansi pa benchi, chovundikira bwino. Atsikana akutenthetsa thupi, foni ya a Ngosa inalira m'thumba. Anapita kuseri kwa kalasi, chala china chitatseka khutu.

"Ba Kochi, ndine Moven, malume wake wa Luyando. Bamai bake sibali bwino. Mubwele naye manje manje."

"Namvela," anatero a Ngosa, foni n'kuduka.

Mawu amenewa sanali achilendo kwa iwo. Ali mnyamata, akusewerabe, bambo awo atabwerera ku Luwingu, akuluakulu a kumeneko sanaimbire iwo. Anaimbira mkulu wa mpingo, ndipo mkuluyo anabwera n'kunena modekha kuti atate sali bwino, akwere basi. Anayenda ulendo wonse atanyamula malalanje oti akapatse wodwala, n'kukapeza manda atakumba kale. Ndi mmene timachitira. Uthenga wa maliro sitiuponyera mwana pafoni ngati mwala, timaudzeretsa kwa munthu wamkulu kuti amufikitse pakhomo bwinobwino. A Ngosa sanadandaulepo kuti anawabisira. Ankati ulendo uja ndi nthawi yomaliza imene anali ndi bambo, ndipo anthu aja anawachitira chifundo.

Choncho ataima kuseri kwa kalasi kuja anadziuza kuti kwagwa maliro. Akanakhala matenda chabe, bwenzi ataimbira mwanayo mwini. Aimbira ine, munthu wamkulu, ndiye kuti zatha kale. Ndipo ngati zatha, kuthamanga kubweza chiyani? Mwana asewere kaye ali ndi mayi mumtima mwake, misozi aipeza.

Pano ndinene zimene ndikuona ine, pakuti a Ngosa ndimawakonda ndipo sindifuna kuwanamizira. Chifundo chinalipo, chenicheni. Koma mabuloko aja analiponso, ndipo munthu amene wakhala chaka chonse akuopa chinthu chimodzi safufuza kawiri ganizo limene likumupulumutsa. Chidebe chinali pansi pa benchi pomwepo. Lamulo anaika okha, nambala anagawa okha. Sizinawabwerere m'mutu. Sanaimbenso n'komwe kuti afunse.

Atabwerera, Luyando anawayang'ana n'kufunsa, "Ba Kochi, muli che bwino?"

"Nili bwino. Tiye, ngena."

Mtsikanayo anasewera gemu imene ku Matero amaikambabe. Timu inayo inali ya atsikana aatali, ozolowera bwalo la matabwa, ndipo inatsogola mpaka chakumapeto. Luyando ankawadutsa m'khwapa, ankaponya ali kutali, anagwa n'kusupuka bondo, n'kudzuka akuseka. Kuseka kumeneko kunkawalasa a Ngosa. Anakuwa mpaka mawu anatha, ndipo anthu ankaganiza kuti maso awo afiira ndi fumbi. Wezulo womaliza polira, mpira wa Luyando unali utangodutsa mu lingi yopendekeka ija. A Chiti anatsika pampando wawo n'kuwakumbatira m'chiuno, poti m'mapewa sakanafika.

A Ngosa anavundukula chidebe, n'kuyamba atenga foni ya Luyando kuika m'thumba mwawo, kuopa kuti angaone mauthenga a chipepeso asanafike kwawo. Anamukokera pambali.

"Vala juzi. Bamai sibali bwino, nizakupeleka."

M'takisi mtsikanayo ankafunsa mafunso, iwo n'kumayankha mwachidule, akukonza mumtima mawu oti akanene akakaona tenti ya maliro. Dzuwa linali litapendeka pamene ankalowa m'misewu ya miyala ya ku Kanyama. Anafika pakhomo. Panalibe tenti, panalibe nkhuni, mipando sinatulutsidwe panja. Chitseko chinali chokhoma, ana a pafupi akusewera mwaphokoso, zimene sakanachita pakhomo pa maliro. Mayi wina woyandikana nawo anatuluka ndi beseni m'manja.

"Bali ku kiliniki. Banagwa kumaliketi lelo m'mawa. Endani musanga, benze kukuitana."

Apa mpamene a Ngosa anazindikira kuti mayiwo akadali moyo, ndipo anathamangira ku takisi ija ndi Luyando.

Atafika pachipata cha kiliniki anamva kulira, kulira kwatsopano, kumene kwangoyamba kumene, kosatopa. Luyando anathamanga. Anapeza mayi ake atangowafunditsa chitenje kumaso, dzanja likadali lofunda. A Ngosa anaima pakhomo la chipindacho ataweramitsa mutu, ndipo aka kanali koyamba kuti aweramire chitseko chimene chinali chachitali mokwanira.

A Moven anatuluka, maso ali psuu. Sanakuwe, ndipo bwenzi zili bwino akanakuwa.

"Ba Kochi, mwachedwa kuti? Ninakutumilani foni zuba ikali pamutu. Benze kukamba bwino bwino, benze kufunsa chabe ati Luyando afika? Tinayesa foni yake kambili, siyankha. Ndiye tinatumila imwe, monga mwamene munatiuzila."

Luyando anali ataima kumbuyo kwa malume ake. Anamva zonse.

"Zuba ikali pamutu?" anafunsa. "Tikalibe kuyamba gemu?"

A Ngosa akanati chiyani? Kuti ndimaganiza kuti mayi ako afa kale? Anapisa m'thumba n'kutulutsa foni ija. Mtsikanayo ataiyatsa, panali mzere wa mafoni osayankhidwa, ambiri ochokera pa nambala yolembedwa kuti Mami. Anaiyang'ana nthawi yaitali, kenako anabwerera m'chipinda muja n'kutseka chitseko.

Pamaliro a Ngosa anagwira ntchito ngati mkamwini. Anawaza nkhuni, ananyamula mabenchi a kutchalitchi, ananyamula nawo bokosi ngakhale msinkhu wawo unkalipendeketsa. Anapepesa kwa a Moven, anapepesa kwa akuluakulu a banja, ndipo ena mwa akuluakuluwo anamvetsa, n'kunena kuti nawonso akanaganiza chimodzimodzi. Zimenezo sizinawathandize. A Ketty, amene pakamwa pawo sipauma nthabwala, sanatchulenso za mkazi woyamba.

Fainolo anasewera popanda Luyando, ndipo anagonja kotheratu. Zinalibe kanthu, pangano linali lofika mu fainolo. A Chiti anasunga mawu awo. Mabuloko anakamangira kwina, bwalo analithira simenti yatsopano, lingi yopendekeka n'kuichotsa. Lero ndi bwalo lokongola, ndipo masukulu ena amabwera kudzalibwereka. A Ngosa akadali kochi. Amafika m'mawa, amasesa, amaimba wezulo. Atsikana atsopano amasunga mafoni m'zikwama zawo, ndipo ina ikalira pakati pa maphunziro a Ngosa amaimitsa zonse mpaka mwini wake ayankhe. Atsikanawo amaseka, amati mdala uyu ndi wofewa. Chidebe chija chili kuseri kwa kalasi, amachapiramo mopu.

Luyando sanabwererenso kukoleji. Anatenga malo a mayi ake ku Soweto, poti panali azing'ono ake oti adye. A Ngosa anatuma kaputeni, anatuma a Ketty, yankho linali laulemu koma limodzimodzi. Mvula itayamba anapita okha. Anadutsa m'matope a mumsika, mitu ya anthu ili m'munsi mwawo, mpaka anamuona. Anali pamwamba pa lole, akuponya kabichi kwa mayi wina amene anatsegula thumba patali ndithu. Mkono unkapindika mmene anamuphunzitsira, ndipo palibe kabichi imene inagwa pansi.

Atawaona anatsika, anapukuta manja pachitenje, n'kupinda bondo monga mwana woleredwa bwino.

"Muli bwanji, ba Ngosa?"

Chaka chonse chija sanawaitanepo choncho. Iwo anali atabwera ndi mawu ambiri, a bwalo latsopano, a malo ake amene akumudikira. Anaima pamenepo mvula ikuwadontha m'khosi, pamene pamakhala chingwe cha wezulo.

"Nili bwino, mwana wanga."

"Mufuna kabichi ingati?" anafunsa Luyando.

Anagula imodzi. Anakwera nayo minibasi ya ku Matero, pampando wakutsogolo, ataifungata pamiyendo, ndipo kondakitala anachita kuwagwedeza paphewa kuti atsike, poti siteji yawo anali ataipitirira.