Makhadi a Anti Emeldah Anatuluka Otuwa

"Iwe Wati, nikabisa zina so na chala, uona chani apa?"

Anandifunsa motero Anti Emeldah Lamulungu lina titatuluka m'tchalitchi ku Oud Metha kuno ku Dubai, tikumwa tiyi wa karaki m'kafeteriya. M'manja mwawo munali khadi lalikulupo kuposa la njuga, chala chawo chitaphimba mawu a m'munsi. Pakhadipo panali mkazi atakhala pampando, nyenyezi zitamuzinga kumutu.

"Ndikuona mzungu wokongola," ndinatero.

"Chabe? Ndiye ni yaboza iyi. Khadi yabwino ikamba yeka."

Ine ndine Watipaso. Sukulu ndinamaliza chaka chatha, ndipo ndikudikirabe za koleji m'fulati ya bambo anga ku Silicon Oasis, komwe chochita kulibe kupatula kujambula mavidiyo oonera anthu ochepa. Ndimafuna kukhala wolemba, ndipo ndinauza kale aliyense, ngakhale mlonda wa pageti. Ndayamba ndi Anti Emeldah chifukwa mumzinda wonse uno sindinaonepo wina wakwathu akupanga chinthu chakechake.

Si abale athu. Kwawo ndi ku Chipata, ku Zambia. Bambo awo ankajambula pamakoma a mashopu: mitu ya anthu pamalo ometera, nkhuku pamagolosale. Ali mwana ankawagwirira zitini, ndipo akuti asanadziwe kulemba dzina lawo ankadziwa kale kusakaniza penti wofiira, wachikasu ndi wakuda pang'ono mpaka atafanana ndi khungu la munthu. Atakula anagulitsako kaunjika ku Lusaka, anabereka mwana wamwamuna yemwe ali ndi agogo ake, kenako anabwera kuno kudzalera ana a eni. Amagona m'kachipinda ka kuseri kwa khitchini, m'nyumba ya Madamu ku Business Bay.

Madamuwo amasonkhanitsa makhadi a taroti. Awa ndi makhadi a zithunzi, lililonse ndi dzina lake: Dzuwa, Mphamvu, Imfa, Chitsiru. Ena amaombezera nawo, ena amangokonda zojambulazo. Ambiri sagulitsidwa m'sitolo. Wojambula amaonetsa zithunzi zake pa intaneti, anthu n'kulipiriratu, ndalama zikakwana ndiye amakasindikiza. Bokosi limafika patatha miyezi, lina silifika n'komwe. Wolandira pakhomo ndi Anti Emeldah, ndipo m'kupita kwa nthawi Madamu anayamba kuwaitana kuti azitsegulira limodzi. Khadi amaliunika pazenera kuti aone ngati kuwala kukudutsa. Amalipinda pang'ono, aone ngati liwongoka. Amasakaniza onse kuti amve ngati akumatirirana. Pomaliza, chala pa dzina.

Ndiye Anti Emeldah anayamba kujambula awo, masana ana akagona, ndi makrayoni otsalira. Pa Imfa yawo palibe chigaza. Pali mayi atakhalira sutikesi, viza yake itathetsedwa, koma kumapazi ali ndi nsapato zatsopano. Dzuwa ndi tsiku la ofu. Mphamvu ndi mtsikana wabereka mwana wa bwana kumbuyo, foni ili kukhutu, akutonthoza wake amene akulira kumudzi. Limeneli nditaliona karaki wanga anazizira.

Kusindikiza n'kodula. Ine ndinati tiike pa intaneti ngati azungu aja, dziko lonse litione. Anaseka. "Ise tili na chilimba, mwana iwe." Chilimba ndi chija ife timati chipereganyu. Maganizo awo anali akuti amayi a kutchalitchi, olera ana ndi ogwira ntchito zam'nyumba, aliyense alipiriretu bokosi lake. "Sitipempha, tigulitsa. Khalas, basi."

Ndinajambula makhadi angapo n'kuika pa gulu la amayi la WhatsApp. Woyamba kuyankha anali Mayi Theresa a ku Ntcheu, mkulu wa amayi, amenenso amasunga chipereganyu. Iwo akakana chinthu palibe amene amatsegula kachikwama. Analemba kuti: "Ula ndi ula, ngakhale muuveke chitenje." Anawonjezera kuti zikapitirira akazitula kwa abusa, ndipo a Emeldah adzaona okha ngati m'gulu la amayi muli malo awo. Muzimvetse bwino zimenezi. Gulu limeneli ndilo lokhalo limene Anti Emeldah amayankhulamo chinenero chawo pasabata yonse. Kwinaku ndi "yes Madam" basi.

Anti Emeldah sanalimbane nawo pafoni. Anatapa pa malipiro awo n'kukasindikizitsa bokosi limodzi lachitsanzo, kuti amayi akagwire okha. Atandionetsa m'sitima ya metiro, ndinawapempha kuti achotsemo khadi limodzi, la Chitsiru. Panali mayi akutuluka pabwalo la ndege atavala chijekete chaubweya ndi chipewa choluka, thukuta lili kamukamu. Palibe sadziwa nkhani imeneyi. Mayi Theresa anafika ku Dubai mu Ogasiti atavala choncho, chifukwa kumudzi anawauza kuti kunja kumazizira.

"Anti, atidya amoyo."

"Chitsiru ndiye khadi yoyamba. Aliyense ayambira pamene apo. Sinichosa."

Lamulungu lotsatira amayi anadzaza matebulo awiri m'kafeteriya. Mayi Theresa anakhala pakati, Baibulo lili pamiyendo, manja atapinda.

"Inu a Emeldah, tanenani pamaso pa anzanu. Mukufuna tiziombeza?"

"Awe, Amai. Makhadi yanga siyakamba za mailo, za kusogolo. Zamailo ni za Mulungu. Yakamba zamene tapitamo kudala."

"Onse oombeza amatero."

"Gwirani chabe. Mukapeza yamene ikamba za kusogolo, muing'ambe."

Anawatenga ndi nsonga za zala ngati akugwira chinthu chonyowa. Anatembenuza Dzuwa, n'kuliika pambali. Pa Mphamvu anachedwapo pang'ono. Kenako linabwera lija. Sisi Namakau, amene amakonza m'zipinda za hotela ndipo pakamwa pake sipatsekeka, anabisa nkhope m'mpango. Ine ndinayamba kuyang'ana komwe kunali khomo.

Mayi Theresa anavala magalasi. Anayandikitsa khadilo kumaso, n'kulitalikitsanso.

"Ndine uyu?"

"Ndise tonse, Amai."

"Musandinamize, chipewachi ndi changa. Anandilukira apongozi." Anapumira m'mwamba. "Koma a Emeldah, ndinakulakwirani chiyani ine? Mwandituwitsa chonchi bwanji? Ngati munthu wogona paphulusa! Ine ndinakwera ndege nditadzola, mafuta botolo lathunthu!"

Namakau anaphulika. "Amai, mwina yanatha mu Addis, posintha ndeke!"

"Iwe khala chete, tiye tione ako. Eee, taonani nonse! Uyu wa sutikesiyu watuwa, wa foniyu watuwa. Anthu akaona azidzati ku Dubai kulibe Vaselini."

Zinali zoona. Papepala la Anti Emeldah khungu linali lowala bwino, koma makina anali atalisandutsa mbuu. Ine sindinazione chifukwa ndinkangoganiza za chijekete. Anti Emeldah anali atazionapo, koma ankati ndi magetsi a m'metiro. Tsopano makhadi anali m'manja mwa aliyense. Wina ankaunika pazenera, wina akudandaula kuti m'mphepete mukukanda, wina akufunsa chifukwa chake palibe khadi la Madamu wowerenga mazira m'firiji. Aliyense ankati akagwira khadi n'kuyamba yakeyake: tsiku limene anasochera mu molo, chinyumba cha mashopu, mwana amene anamulera mpaka kumutcha mama, kenako banjalo n'kusamuka osatsanzika.

Mayi Theresa anagogoda tebulo. Anati kuombeza ayi, ndipo akadzamva kuti wina wayala makhadiwa kuti adziwe za mwamuna, adzawatentha okha. Anatinso khobidi lawo silipita ku nkhope zotuwa. Zikakonzedwa, bokosi loyamba ndi lawo.

Sanatisiye tipite tokha kwa wosindikiza. Atalowa anapinda mkono wa bulauzi, n'kugoneka dzanja pakauntala pafupi ndi khadi lija. "Bhai, ona. Ichi, ichi. Same same!" Bamboyo anayang'ana mkono, anayang'ana khadi, n'kuseka mpaka kugwira pamimba. Anasintha mitundu pakompyuta kangapo, Anti Emeldah ataima kumbuyo kwake akuti onjezera kufiira, chepetsa apo, mpaka pepala linatuluka lofanana ndi mkono wa ku Ntcheu. Panopa amayi ambiri alipira kale, ndipo makhadi atuluka Khirisimasi isanafike, inshallah.

Bokosi lililonse la taroti limakhala ndi kabuku kofotokoza makhadi. Anti Emeldah anati zolembalemba si zawo, ndilembe ine. Ndinali nditayamba kale m'Chingerezi, ndikuganiza za anzawo a Madamu ndi dzina langa pa intaneti. Koma nditayesa kulemba mawu a Mayi Theresa aja m'Chingerezi, anafera papepala pomwepo, osaseketsa ngakhale ine ndemwe.

Choncho ndaganiza kuti kabukuko ndikalemba m'Chichewa, chosakanikirana ndi Chinyanja cha ku Lusaka mmene amayiwo amayankhulira, ndipo pansi pa khadi lililonse padzakhala nkhani ya mmodzi wa iwo. Ndiziwayendera mmodzimmodzi pa tsiku lake la ofu. Sisi Namakau akuti ndibwere Lachiwiri, ndipo ndisaiwale kudzola.