Alendo Osafuna Kulandiridwa

Ndinali ndi zaka khumi pamene landilodi wathu anakwera masitepe a nyumba yathu ku Shawlands, mumzinda wa Glasgow, ali wefuwefu, n'kukana mpando. Mayi Chingerezi ankachimva, koma cha a ku Glasgow chinkawapita pambali, ndiye womasulira ndinali ine.

Mkuluyo anati nyumbayo akufuna kuisandutsa holiday let. Ndinawafotokozera mayi momwe ndinamvera, kuti muzidzagona alendo obwera kudzapuma patchuthi. Nkhope yawo inawala. Pakhomo pathu alendo sankatha; Mmalawi aliyense wongofika kumene, a kutchalitchi ankamulozera kwathu, ife ana n'kusamukira pabalaza.

"Nanga vuto lili pati, mwananga? Uwauze abwanawa kuti alendowo abwere. Ndiziwaphikira, zogonera ndizichapa ndekha."

Ndinamasulira monyadira. Landilodi anayang'ana nsapato zake, kenako anandifotokozera pang'onopang'ono. Holiday let ndi nyumba yonse, yokhala ndi mabedi, mapoto ndi matawulo, koma yopanda munthu. Alendo amalowa okha, kiyi amaipeza m'kabokosi pakhomo, amadziphikira, pakapita masiku angapo n'kuchoka. Safuna kupezamo wina. Ife tinayenera kutuluka.

Mawuwo ndinawanena kwa mayi ndikuyang'ana khoma.

Mayi sanalire. Anangofunsa kuti, "Ndiye akafika, awalonjere ndani?"

Funso limenelo sindinalimasulire, ndipo mkuluyo anatsika.

Tinapatsidwa kanyumba ku Easterhouse, kachinyontho, kofika ndi mabasi awiri kuchokera kutchalitchi. Sukulu ndinasintha, anzanga ndinawasiya. Alendo anayamba kuchepa mpaka kuleka. Ndani angapite kutali konseko? Matiresi a alendo anaima kuseri kwa chitseko mpaka anachita nkhungu. Mayi anakalamba msanga, ndipo ine zinkandiwawa kuwaona Lamlungu masana atangokhala pawindo.

Lero ndikadutsa mumsewu wathu wakale, ndimaona timabokosi ta makiyi titandandalika pazitseko, anthu akukoka masutikesi, osapatsa moni aliyense. Sindiwada, sadziwa kuti munali anthu. Inenso nyumba imene ndikuchita lendi si yanga, ndipo ndikamva phazi lachilendo pamasitepe mtima umagunda.

Kwathu amati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Ndinachedwa kuzindikira kuti m'dziko muno mamewo ndife.