Zitseko Zinayi pa Malo a Eni

Matenda ofuna kumanga nyumba ya lendi anandigwira ndili ndi ana awiri. Masiku amenewo aphunzitsi ndi makalaliki ankatsika basi pa boma pa Nkhotakota, sutikesi m'manja, kogona kulibe. Ine, msodzi wa ukonde umodzi wa chilimira, ndinkawayang'ana n'kumawerengera ndalama zawo ngati zalowa kale m'thumba mwanga.

Kubanki sindinachedweko. Anafuna pepala la malo ndi la malipiro, pomwe pepala lokhalo limene ndinali nalo linali khadi ya chipani. Ndiye ndinapita kwa bambo wina wachisilamu, mwini sitolo ya nsalu kufupi ndi mzikiti, amene ankandigula usipa wouma.

"Chiwongoladzanja ine ayi, ndi haramu, chipembedzo chathu chimaletsa," anatero. "Ndikupatsani makwacha mazana asanu ndi limodzi mumange nyumba ya zitseko zinayi. Lendi ya ziwiri izibwera kuno mpaka ndalama zanga zitakwana. Mukalephera, chilimira ndi changa. Koma malowo ndi anu?"

"Anandipatsa apongozi."

"Apongozi ake ati?"

"Bambo a mayi a kunyumba."

Anangoyamba kuwerenga ndalama. Iwo analibe chodera nkhawa, chikole chinalipo.

Ine kwathu ndi kumpoto, kumene bambo akaloza malo ndi chala nkhani yatha. Sizinandibwerere m'mutu kuti apongozi angawo, ndi imvi zawo zonse, anali mkamwini ngati ine ndemwe. Mkazi wanga anayesa kundichenjeza. "Kodi amalume mwawauza?" Ndinapsa mtima. Ndinati amalume alowa pati pa nyumba ya thukuta langa? Anangopitiriza kusenda chinangwa.

Ndalama za mwini zimatentha. Chiyambireni kukumba maziko, chakudya chinaleka kukoma. Mtengo wa simenti unakwera, ndinayamba kumangira dothi. Mwera unawomba masabata awiri, mabwato ali pamtunda, ine ndikulipira amisiri ndi zina mwa ndalama zimene ndinasungira malata. Ndikadutsa pasitolo paja, bamboyo ankangoti, "Ikuyenda nyumba?" Ndinkayankha ndi mano onse panja. Chilimira chimenecho ndicho chinkadyetsa ana anga, ndiponso anali malemu bambo anga amene anandisiyira.

Makoma atafika pamwamba pa mazenera, amalume a mkazi wanga anatulukira pa njinga kuchokera ku Kanyenda. Anaizungulira nyumba kawiri, manja kumbuyo, n'kuuza amisiri kuti atsike.

"Akamwini, anakulozerani pano ndani?"

Ndinatchula apongozi. Atawaitana, anabwera chipewa chili m'manja, maso pansi.

"Ine ndinangoti malo alipo apo," anatero apongozi. "Sindinati ndi anga."

"Mwamva?" anatero amalume. "Dothi ili ndi la mbumba yanga. Safunsa anadya phula."

Ntchito inaima masabata atatu, ndipo anali masabata oipa kuposa onse amene ndakhalapo. Mitambo ya mvula yoyamba inali itayamba kusonkhana, makoma omangira dothi ali pamtetete opanda denga. Mvula imodzi yamphamvu ikanawasungunula ngati shuga. Ndinkadzuka n'kuyang'ana kumwamba, ndikatero ndipite kunyanja kukagwiragwira ukonde wanga ngati ndikutsanzikana nawo. Ndinkachita mantha, osati pang'ono. Ndinafika poganiza zosamutsa njerwa, koma kupita nazo kuti? Mlendo ngati ine analibe ngakhale pokhazika khola la nkhuku.

Potsiriza ndinameza matama. Ndinatenga tambala ndi dengu la chambo chowamba, mkazi wanga patsogolo, ulendo ku Kanyenda. Ndinagwada pa mchenga wotentha, ine amene ndinkati amalume alowa pati. Anandisiya ndiyankhule mpaka mawu anandithera.

"Kafolereni, mvula ingakupezeni," anatero. "Koma timvane. Nyumbayo ndi ya mwana wa mlongo wangayu ndi ana ake. Tsiku lochoka pamudzi pano mudzanyamula bulangete lanu, osati lata ngakhale limodzi."

"Nanga ngongole ija?"

"Munatenga ndi ife?"

Ndinavomera zonsezo. Ndikanatani? Tinakhoma malata masiku awiri, mvula n'kugwa lachitatu. Zitseko zonse zinayi zinapeza anthu mwezi usanathe, ndipo ziwiri zinayamba kupereka kusitolo monga tinapanganirana. Chilimira chinapulumuka.

Mwezi utatha, mphunzitsi wa chitseko chakumapeto anafika pakhomo ndi lendi yake yoyamba atapinda m'kapepala. Ndinaimirira, n'kupukuta dzanja pa kabudula, n'kulitambasula.

"Pepani bambo," anatero mwaulemu, "anandiuza kuti ndizipereka kwa eni nyumba. Kodi amayi alipo?"

Ndinabweza dzanja langa n'kupita kuseri kukawaitana.