Kansalu ka Apongozi pa Pulojekita

Pulojekita ija ndinaigula kwa mkulu wina wa ku Tanzania amene ankabweretsa katundu pa boma pa Chitipa. Ankaitamanda m'Chiswahili, ine n'kumagwedeza mutu ngati ndikumva. Nditafika nayo kunyumba ndinapaka laimu khoma limodzi la pabalaza, n'kutembenuza mipando yonse kuti iyang'ane kumeneko, ndipo kuyambira tsiku limenelo chipindacho ndinkachitchula kuti sinema. Mayi a kunyumba ankachitchulabe kuti pabalaza, ndipo mvula ikagwa ankayanikamo nyemba.

Ine kwathu ndi ku Dedza. Ndinabwera kuno kudzaphunzitsa, ndimati ndingokhala pang'ono, koma ndinakwatira mwana wa ku Misuku, ulendo n'kuthera pomwepo. Kwathuko apongozi timawaopa, ukawaona akubwera umayamba kufunafuna kanjira kopatukira. Mantha amenewo ndinabwera nawo onse, ndipo kuno ndinawonjezera ena.

Apongozi anga aakazi atamva kuti mkamwini wagula makina a kanema, analuka kansalu ka ulusi wofiira ndi woyera, ka mphonje m'mbali, n'kukatumiza kudzera kwa wa njinga yamoto. M'nyumba zathu chinthu chaulemu sichikhala pambalambanda. Wailesi imafunda, mpando umafunda, ndipo pali chifukwa, poti mphepo ya Chitipa ikayamba fumbi limalowa ngakhale m'sutikesi yotseka. Kansaluko kanakwana bwino kwambiri. Kanaphimba pamwamba ndi m'mbali monse, diso la makina lokha n'kumasuzumira kutsogolo. Ndinkakasiya pomwepo ngakhale tikuonera mpira. Fani ya m'kati ikamalira ngati chigayo, ndinkauza alendo kuti ndiye mphamvu zake zimenezo.

Kenaka mwana wathu wamkazi woyamba anakwatiwa ku Blantyre. Mwana ameneyu analeredwa ndi agogo akewo ku Misuku, ndipo anaphunzira kuthyola khofi asanadziwe kulemba dzina lake. Koma agogowo ku ukwati sanapite. Miyendo inali itayamba kukana, maso nawo akuchita chifunga. Mayi a kunyumba anapita kukawaonetsa kanema wa ukwatiwo pa foni, iwo n'kuiyandikitsa mpaka pamphuno, n'kunena kuti akungoona kuwala kokha. Apa ine ndinadzitukumula. Ndinatumiza uthenga kuti abwere ku boma, ku sinema kwanga, adzaone mdzukulu wawo ali wamkulu ngati chitseko.

Uthengawo utangopita, zithunzi zinayamba kuchita chikasu. Tsiku lina tikuonera, tinangomva kuti phu! Khoma n'kukhala khoma basi.

Mkulu wa ku Tanzania uja anandipezera babu ina. Inabwera m'kabokosi, itakulungidwa bwino kuposa mwana wakhanda. Loweruka m'mawa ndinayala nyuzipepala patebulo, ndinazula chingwe cha magetsi, ndinavala magalasi, n'kuuza aliyense kuti asandiyankhulitse. Ndinamasula kachitseko ka m'mbali, ndinamasula timasikulu togwira babu yakaleyo, n'kuikoka ndi kachogwirira kake. Inali itaphulika m'kati. Yatsopanoyo ndinaigwira ndi mpango, chifukwa pepala la m'kabokosi linali ndi chithunzi choletsa kukhudza galasi ndi zala. Ndinadzimva ngati dokotala wa ku chipatala chachikulu.

Ndisanatseke, ndinasuzumira m'kati. Timabowo tonse topumira makina tinali titatsekeka ndi fumbi losakanikirana ndi ubweya wofiira. Ndinautola ndi zala. Unali ulusi wa apongozi. Ndinayang'ananso pepala lija, ndipo m'munsi mwa chithunzi cha zala munali chithunzi china: pulojekita yofunditsidwa nsalu, ataidula ndi mtanda waukulu. Babu ija siinafe ndi ukalamba. Ndinaipha ndine, ndi ulemu.

"Ndiye mungokachotsa kansaluko," anatero mayi a kunyumba.

"Amayi akabwera n'kupeza palibe?"

"Mudzawauza kuti makina amamva kutentha."

"Ndidzawauze ine? Kuti mphatso yawo yandiphera babu?"

Anangobwerera ku nyemba zawo.

Apongozi anafika m'mawa wina wa mu Juni, kukuzizira koopsa, atakwera njinga yamoto, fumbi lili mbuu m'nsidze. Anati sagona, chifukwa khofi wapsa ndipo sangasiyire ana okha, wa njingayo adzawatenga dzuwa likapendeka. Mlendo ndi mame, koma awa anali mame ofulumira. Ndinagwada chapatali.

"Mwaghona, amama."

Ndi mawu okhawo a chiyankhulo chawo amene ndimawatchula osalakwitsa. Anaseka, n'kundiyankha m'Chichewa chawo chosakaniza ndi Chitumbuka.

"Yewo, adada. Ndabwera kuzaona mwana wane."

Tinatseka mawindo ndi mabulangete. Ndinawakhazika pampando wakutsogolo. Tsono ine, ndi nzeru zanga za uphunzitsi, ndinali nditapeza njira yokondweretsa onse awiri, apongozi ndi makina. Ndinapinda kansaluko pang'ono kumbuyo kuti mpweya uzilowa, kutsogolo n'kukasiya kakulendewera bwino kuti mwini wake akaone. Ndinaiwala kuti mapanga awiri avumbwitsa.

Kanema anayamba. Babu yatsopano inawala mpaka ine ndinanyadira. Tchalitchi chinaoneka, magalimoto a maluwa, operekeza akwati akuvina polowa. Apongozi anaweramira kutsogolo. Fani inayamba kulira, mphonje n'kumakokedwera ku timabowo tija. Ndinaziona, koma ndinangokhala, manja ali pamaondo. Nyimbo inasintha, anthu m'kanemamo anaimirira n'kutembenukira kukhomo, ndipo pomwepo khoma linazima. Pa makina panangotsala kanyali kofiira kakuphethira.



"Ukwati wamara, adada?" anafunsa apongozi.

 Sindinkadziwa ngati makina angodzizimitsa kuti apume, kapena ngati ndapha babu yachiwiri. Ina ndinalibe. Mayi wokalambayu anali atagwedezeka pa njinga m'mapiri monse muja, miyendo ikuwawa, chifukwa cha pakamwa panga. Mayi a kunyumba anangondiyang'ana mu mdimamo, ndipo ndinawamva.

Ndinadzuka, n'kuchotsa kansaluko. Poika ndinasowa. Patebulo ndinaona ngati ndakataya, m'thumba ndinaona ngati ndakaba, ndiye ndinakaika paphewa. Ndinaima pamenepo, bambo wa imvi, mphonje zofiira zikulendewera pachifuwa, ndikupepeza makina ndi chivundikiro cha poto. Kanyali kaja katasiya kuphethira ndinadina batani, ndikupemphera chamumtima. Kuwala kunabwera pang'onopang'ono.

Mkwatibwi analowa. Wojambula anamuyandikira mpaka nkhope yake inadzaza khoma lonse. Apongozi anadzuka okha, osagwira ndodo, n'kupita kukhomako. Atayandikira, chithunzithunzi chawo chinaphimba mwanayo, nkhope yake n'kugwera pamsana pawo. Mayi a kunyumba anawagwira dzanja n'kuwasunthira pambali. Ndinaimitsa kanemayo pamenepo. Iwo anaika chikhatho patsaya la mdzukulu wawo, pa laimu wanga uja, n'kuyamba kumuyankhula m'chiyankhulo chawo, motsitsa, ngati ali naye kumunda. Sindinamve ngakhale liwu limodzi, koma misozi inalengeza m'maso mwanga.

Atatembenuka, nkhope yawo inali itanyowa. Anatambasula dzanja kufuna chopukutira, ndipo chimene ndinali nacho chinali chimodzi chokha. Ndinagwada, n'kupereka ndi manja awiri, ndikudikira mlandu wanga.

Anakalandira. Anakapapasa ndi zala, mzere ndi mzere, mpaka ku mphonje.

"Aka nkhane aka," anatero modabwa, atazindikira kuti ndi kaja analuka iwo. "Kachalipo? Mukasunga nkhu, adada?"

Kansaluko kanali patsogolo pawo m'mawa wonse, pa makina, kenaka paphewa panga, ndipo sanakaone. Ine ndinkaopa maso amene anali atatsala pang'ono kutha. Ndinachita manyazi, koma chisoni chinaposa manyaziwo.

Anapukuta nako misozi, n'kunena kuti n'kofunda bwino. Kenaka anapempha kuti ndibwezere pomwe mwanayo akulowa. Ndinabwezera, ndinabwezeranso, mpaka wa njinga anayamba kuliza hutala panja.

Chaka chotsatira maso awo anatsekeka onse.