Tambala, Batire ndi Chingwe cha Alamu

Tinanyamuka pa Chipoka 7 koloko m'mawa, Loweruka la mu Okutobala, dzuwa litayamba kale kuluma m'khosi. Tinali awiri, ine ndi alamu anga a Saidi, mchimwene wa mkazi wanga, msodzi wa usipa. Wachitatu anali tambala wofiira amene tinamuika m'dengu kubuti, pamodzi ndi lichero, mthiko, chipande ndi tsache. Tinkapita ku chinkhoswe cha Madalitso, mwana wa mlongo wanga, kumudzi wina kuseri kwa Chitala. Ine ndiye malume ake, ndiyenso nkhoswe wamkulu. Popanda ine ndi tambala ameneyu, mwambo sukanayamba.

Ndiulule msanga kuti uwu unali ulendo wachiwiri. Woyamba, mu Ogasiti, galimoto yanga yomweyi inakana kulira pakhomo, anthu a ku Chitala n'kuphika mpunga wawo, kudya okha. Malume a mtsikana amene Madalitso ankafuna kukwatira, a Nkhoma, ananditumizira mawu osazungulira: "Ulendo uno ikakwana 12 koloko musanafike, tidziwa kuti mwana wathu simukumufuna." Abale ena anatsogola Lachisanu pa minibasi. Koma ine ndi matama angawa ndinati nkhoswe safika pamwambo atapanikizidwa ndi madengu a tomato.

Galimoto yangayo ndi yakale, inabadwa Madalitsoyo asanabadwe. Batire lake limagwira ntchito ziwiri. Galimoto ikamayenda limakhala m'malo mwake, ikagona a Saidi amalimasula n'kupita nalo panyanja kukayatsira mababu okopera usipa, m'mawa n'kulibweza limodzi ndi bakuli la ndiwo. Kwathu kuno zimenezi palibe amadabwa nazo. M'mawa umenewo analibweza likununkha nsomba, anamanga mawaya ake, mutu umodzi wa batirelo umene unkagwedera n'kuukhomerera ndi kamsomali.

Titangowoloka mlatho wa Lifidzi, kanyale kofiira kokhala ndi chithunzi cha batire kanaphethira pa dashibodi. Kanazima, kanayakanso, kenako kanangoti psuu osasunthanso. Kutsogolo kunkamvekanso kaphokoso, tswii tswii, ngati kamwana ka nkhumba kali m'thumba.

"Alamu," ndinatero, "batire langa mwalimaliza."

"Ine? Wallahi ndinalitchajitsa Lachinayi, alamu. Dzulo layatsa mababu awiri okha."

"Nanga ichi chikuyaka apachi ndi chiyani, mwezi?"

Ine mlandu ndinali nditauweruza kale, wopalamula ndinali naye pampando womwewo, ndipo kunena zoona zinkandipepuza mtima kukhala ndi munthu womukalipira.

Nthawi ya 7:40 tinaima pa Katelera, patsogolo pa tiyirumu. Ndinamva kwa anzanga kuti mitu ya batire ikachita tiufa toyera, magetsi sayenda bwino, ndipo mankhwala ake ndi madzi otentha. Mayi wa tiyirumuyo anandipatsa ketulo atandiuza kaye kuti madzi aulere kulibe, ndigule tiyi. Ndinagula makapu awiri ndi mandasi anayi, K2,000. Ndinathira madzi pa mitu ija, ndinapala ndi mpeni, ndinakhomereranso kamsomali ndi mwala. Mayiyo anaima pambali, manja m'chiuno, mphuno ili m'mwamba.

"Bambo, kukununkha labala wopserera."

"Ndi matayala, mayi. Tala watentha."

"Kaya. Ine ndimadziwa tiyi basi."

Boneti ndinatsegula ndithu, koma maso anga sanapite kwina kulikonse kupatula pa batire. Nditaliza, galimoto inalira mwaulesi, kanyale kali psuu pomwepo.

Kuyambira pamenepo mpaka mlatho wa Linthipe ndinkayendetsa diso limodzi pamsewu, lina pa kanyale. Wailesi ndinazimitsa, foni ndinaichotsa pa tchaja, ngakhale hutala ndinkaopa kuliza, moti mbuzi za m'njira ndinkazikalipira ndi pakamwa pawindo. Madalitso anaimba. "Malume, muli pati?" Ndinati tili pafupi. Bodza limenelo linandiwawa ndekha.

Pa Kamuzu Road, polowera m'tauni ya Salima, tinafika cha m'ma 8:30. Pali bambo wina amene amatchaja mabatire pansi pa kashedi ka malata. Anagunditsa timawaya take pa batire langa, anapukusa mutu ngati dokotala, n'kunena kuti lafooka. Ndinatembenukira kwa a Saidi ndi nkhope ya munthu wopambana. Tinagwirizana kuti langalo litsale likutchajidwa, ine ndibwereke lake kwa tsiku limodzi pa K5,000. Panatha pafupifupi ola lathunthu, chifukwa sipanala yoyenera inali ndi mnzake amene anapita kukadya chipisi. Tikumanga batire lobwerekalo, a Saidi anapisa dzanja kumbali kwa injini n'kukankha china chake ndi chala.

"Alamu, taonani lamba uyu. Wakhwepa, wang'ambikang'ambika m'mbali. Sitolo ya masipeyala ili apo, bwanji tigule?"

Apa ndiye ndinalankhula mawu amene mpaka lero amandichititsa manyazi. Ndinati, "Alamu, inu dziwani bwato. Za galimoto musandiphunzitse. Mwandiwonongera batire, tsopano mukufuna kusamutsira mlandu kwa lamba?" Ndinanena mokweza, anthu a kabaza akumva, ena mpaka anaseka. A Saidi anachotsa dzanja lawo, analipukuta pa thalauza, anakalowa m'galimoto n'kukhala ndwii.

Ndinaliza. Injini inadzuka kamodzi n'kamodzi ndi mphamvu ya batire lodzaza. Kanyale kanali psuu. Munthu wanzeru akanadzifunsa kuti batire latsopano, nanga kanyale kakuyakiranji? Ine ndinati kazolowera, kazima kutsogoloku.

Pa Kaphatenga tinakhota kulowa msewu wa ku Nkhotakota nthawi ili 9:50. Madalitso anaimbanso. Anati matenti aimikidwa, azimayi ayamba kuimba, a Nkhoma afunsa kawiri. Ndinaponda mafuta. Sitinapite patali, kutsogolo kunamveka phwaa, kenako chinthu chinamenya boneti m'kati, thi thi thi. Kankhumba kaja kanasiya kulira. Ndinayamba kusangalala kuti phokoso latha, koma posakhalitsa kamuvi ka kutentha kwa injini, kamene moyo wake wonse kamagona pakati, kanayamba kukwera. Kanakwera ndikukaona. Fungo la chitsulo chotentha linadzaza m'galimoto, injini inayamba kugogoda, nthunzi inatulukira m'mbali mwa boneti. Mayo ine! Ndinapatukira pansi pa mtengo wa msangu n'kuzimitsa.

Nthawi inali 10:10. Kumanzere chigonera cha chimanga, kumanja chigonera, nyumba zili kutali. Titatsegula boneti, pamene panali lamba panatsala tizingwe takuda tolendewera. Ndinatambasula dzanja kuti nditsegule chitsekero cha rediyeta, a Saidi anandimenya padzanja. "Mukufuna mukafike pachinkhoswe opanda nkhope?" Amenewo anali mawu awo oyamba chichokere pa Kamuzu Road.

Woyendetsa lole ya mchenga anaima, anatsika, anasuzumira kamodzi kokha. "Akulu, kanyale ka batire kanayaka liti?"

"Ku Lifidzi."

"Ku Lifidzi! Ndiye mwakhala mukutani njira yonseyi? Kanyale kameneko sikanena kuti batire lafa. Kamanena kuti batire silikudya. Amalidyetsa ndi makina awa, alitaneta, ndipo amazungulira ndi lamba. Lamba yemweyo ndi amene amazungulitsa pampu ya madzi. Akakhwepa kanyale kamayaka, akaduka injini imapsa. Panalibe wokuuzani?"

Ndinayang'ana pansi. A Saidi anayang'ana mtengo. Wa loleyo analibe lamba wa saizi yathu, ndipo ankalowera ku Salima, kumene ife tinkachokera. Anatifunira mwayi n'kumapita.

Pamenepo m'pamene ndinakumbukira tambala. Maola atatu m'buti, pa dzuwa la Okutobala! Ndinathamangira kukatsegula buti. Anali atagona chammbali, kukamwa kuli yasa, lipombo litafota, maso ali tsinzi. Abale inu, kuchedwa n'kuchedwa, anthu amakhululuka. Koma kukapereka tambala wakufa kwa akuchikazi, anthu akanayiyimba nkhani imeneyo mpaka zidzukulu za Madalitso. Ndinakhala pansi pa fumbi ndi suti yanga, ndipo ndinaopa kwenikweni kuti ndamuphera mwana wa mlongo wanga ukwati.

A Saidi sanataye nthawi. Anamunyamula n'kupita naye pamthunzi, anamwa madzi a m'botolo lathu n'kumupemerera m'mapiko ndi pakamwa, ena n'kumamudonthezera pamlomo ndi chala. Patapita kanthawi tambala anameza. Anamezanso. Anatsegula diso limodzi n'kundiyang'ana ngati akundidziwa bwino.

"Mugwireni," anatero a Saidi, "musamufinye. Ndipo muziimitsa minibasi, ikapezeka mutsogole."

Zinadutsa ziwiri, zonse zodzaza mpaka kondakitala ali theka panja. Ine ndili chilili m'mbali mwa msewu, tambala kukhwapa, wotchi ikuthamanga. M'mbuyo mwangamo a Saidi anamasula chingwe cha nayiloni chimene tinamangira dengu, chidutswa cha chingwe cha ukonde wawo. Anachipota kawiri, anachizunguliza pa mawilo atatu a injini pamene pamadutsa lamba, anakoka ndi mano ndi manja, n'kumanga mfundo yaing'ono yosalala imene asodzi amalumikizira zingwe, nsonga zake n'kuziwotcha ndi machesi. Kenako anapita wapansi kumjigo umene unkaonekera patali, n'kubwera ndi amayi awiri atasenza ndowa. Mmodzi anandiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kutayi.

"Akwati ndinu, bambo?"

"Ayi mayi, ndine nkhoswe."

"Aaa, koma ukwati umenewo uli ndi ntchito."

Ndinafuna kuthira madzi nthawi yomweyo, a Saidi anakana. Anati injini yotentha ukaithira madzi ozizira imang'ambika, ya boti imateronso. Tinadikira. Kuona maso a nkhono n'kudekha, koma kudekha kumavuta foni ikulira m'thumba. Sindinaiyankhe, ndinalibe bodza lina lotsala. Pa 11:25 anagwira chitsekero ndi chiguduli, anachitsegula pang'onopang'ono, rediyeta inamwa ndowa pafupifupi yathunthu.

Ndinaliza injini. Chingwe chinazungulira, mfundo ikudumpha tcha tcha tcha pa mawilo aja, koma sichinachoke. Kanyale kanafiira pang'ono, kanaphethira, kanazima. Kanyale kamene kanayaka kuyambira ku Lifidzi kanazimitsidwa ndi chingwe cha ukonde.

Tinayenda liwiro la ngolo, a Saidi atafungata tambala pamiyendo, mawindo onse otsegula. Pa Chitala tinasiya tala n'kulowa msewu wafumbi 12 koloko itakwana ndendende. Chingwe chinavuka kamodzi pa mabampu, anatsika n'kuchibwezera. Pamudzipo tinalowa 12:35, ng'oma zitaleka, anthu ali m'timagulu, Madalitso ataima yekha kumbuyo kwa tenti. A Nkhoma anabwera okha kugalimoto, bambo wamtali wa chipewa, osamwetulira.

"Tinati 12 koloko, bambo."

"Munatero ndithu."

"Yalakwanso galimoto?"

Njira yothawira anandipatsa okha, ndikanangoti eya. Koma a Saidi anali ataima pambali panga, manja ali bii, zala zitachekeka ndi nayiloni, tambala kukhwapa. Ndinati, "Galimoto inandichenjeza kuchokera ku Lifidzi. Mayi wa tiyi anandichenjeza. Alamu angawa anandilozera chinthu chenichenicho ndi chala, ine ndinawanyoza pagulu. Wolakwa ndine. Mwanayu musamulange chifukwa cha malume ake." Ndinatembenuka. "Alamu, pepani."

A Nkhoma anazungulira kutsogolo kwa galimoto. Anati nditsegule boneti. Anawerama, anayang'anitsitsa chingwe chija, anagwira mfundo ndi chala. Kenako anafunsa kuti wamanga ndani, a Saidi n'kukweza dzanja ngati mwana wa sukulu.

"Ngati kubanja kwanu kuli anthu omanga mfundo chonchi," anatero a Nkhoma, "lowani. Koma inu ankhoswe mukasambe kaye m'manja."

Tambala tinapereka ali moyo, ndipo polandiridwa anajompha dzanja la a Nkhoma, anthu n'kululutira. Ine ndinapuma kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo.

Tinabwerera Lamulungu pa chingwe chomwecho mpaka pa Kamuzu Road, pamene ndinatenga batire langa n'kugula lamba m'sitolo yomwe ija a Saidi anandilozera. Ndinaphunzira kuti kanyale kakayaka, usathamangire kufunsa kuti walakwa ndani, yamba wayang'ana injini yonse. Lolemba masana batire ndinalimasula ndekha, ndinalinyamula paphewa mpaka padoko, n'kukaliika m'bwato mwa alamu. Iwo analiyang'ana, anandiyang'ana ine.

"Ikani bwino, alamu," anatero. "Za bwato simuzidziwa."