Dzina langa silinalowe m'lipenga

Ndinadzuka tambala asanalire. Amayi amene anachezera kuimba anali atagwa tulo pamphasa, wina mutu uku, wina miyendo uko. Ndinawalumpha, ndinaima pang'ono pa bokosi la amuna anga, kenaka ndinatuluka kukawerenga mbale zanga, poti pamaliro mbale zimasamuka.

Kunja moto unali utayaka kale pansi pa migolo ya nyemba. Amuna awiri anali pamtengo wa mango, akumangirira lipenga. Chinali chitsulo chokamwa ngati beseni, chingwe chake chikutsikira ku batire la galimoto. Masiku amenewo a Chitaganya, muno mu Umtali, munthu wa mu lokeshoni ya Sakubva sunkangoimika chokuzira mawu, ngakhale kuomba ng'oma kumene, wopanda pepala la ku ofesi ya lokeshoni.

Pepalalo anakatenga ndi mkazi mnzanga, wamng'ono, Mmanyika, mbadwa ya kuno, amene amuna anga anamukwatira atakwezedwa pantchito ku njanji. Ine ndinachoka nawo ku Dedza alibe ndi nsapato yomwe, ndinawaberekera ana asanu, zidzukulu zinali zikuthamanga kale pabwalo. Iyeyo anali atangotha nawo zaka zinayi. Koma ankadziwa Chingerezi cha ku mishoni, ndipo anapita ku ofesiko ine nditakhala ndi mtembo. Papepala panali mzere umodzi wa mkazi wa malemu. Analembapo dzina lake. Chilolezo chinali cha maola awiri, kuyambira teni koloko mpaka masana. Mkamwini wanga anandiwerengera, ndipo ndinakapatsanso munthu wina kuti ndimve ngati zikufanana.

Kunacha ndi nkhungu yotsika ku mapiri, kamvula kosanyowetsa msanga. Anthu anayamba kufika: a ku njanji ndi maovolosi awo, akwathu a m'mafamu a ku Burma Valley atadzaza lole, ndi ena amene sindinawaonepo. Amenewa sanabwerere maliro. Ankalowa pabwalo maso ali kumwamba, kumtengo.

Teni itakwana lipenga linatsokomola, nyimbo ya tchalitchi inayamba. Apo m'pamene ndinaona kuti mphasa ya mnzangayo yayalidwa pafupi ndi tebulo lolankhulira. Amene anaiyala pamenepo sindinamudziwe mpaka lero, ngakhale ndili ndi amene ndikumuganizira. Atayamba kulira, kulira kwake kunakwera chingwe n'kutulukira kumtengo, kwakukulu, kwa Chimanyika. Ndinamva pambuyo pake kuti kunamveka mpaka kumsika. Inenso ndinalira, molira mwa kwathu, kuwatchula amuna anga ndi mfunda wawo. Kulira kwanga kunathera pa mpanda.

Ndinadzilimbitsa mtima. Mwambo wathu ndi wakuti mlembi wa sosaite ya maliro akatha mbiri ya malemu amatchula otsala, ndipo amayamba ndi mkazi wamkulu. Ndinkadikira pamenepo basi. Lokeshoni yonse imve kuti nyumba ino ili ndi mwini wake.

Koma mlembiyo anali asanamvepo mawu ake akutuluka m'chitsulo, ndipo anakomedwa nawo. Anayambira kubadwa. Anatiyendetsa ulendo wonse wochokera ku Nyasalande, mtsinje ndi mtsinje. Anathokoza mwini lipenga, mwini batire, mwini lole. Kenaka anakweza pepala lija n'kuwerenga momwe linalembedwera, kuthokoza mkazi wa malemu, dzina lake lonse, amene anatitengera chilolezo. Amayi ena anandiyang'ana cham'mbali. Ine ndinayang'ana wapolisi wa lokeshoni amene anaima ndi njinga yake pampanda, akumwa tiyi m'kapu yanga.

Mlembi atangoti, “Tsopano otsala,” wapolisiyo anayang'ana wotchi n'kukweza dzanja. Sanalakwe, nthawi inali itakwana. Mwini lipenga anazula chingwe. Dzina langa linatchulidwa ndi pakamwa pokha, anthu akuimirira, mabenchi akukokedwa, amuna akukangana za amene agwire kumutu kwa bokosi.

Tinayenda wapansi mpaka kumanda, mvula itakula. Ndinali patsogolo, pambuyo pa bokosi, ndipo sindinalole phewa la munthu kundipitirira. Ndinaponya dothi ndine woyamba. Amene anaona ndi okhawo anaima m'mphepete mwa dzenje.

Madzulo nyumba inakhala zii. Alendo anali atapita, mtengo uli wokha. Ndinakhala kukhoma, mnzangayo pafupi ndi khomo, mawu ake atasasa. Kunabwera mayi wina wochokera kumizere ya nyumba za kutali, amene anati anamva maliro pa lipenga akuchapa. Anagwada kwa mnzangayo, anamupepesa nthawi yaitali, atamugwira manja onse awiri. Atatha anatembenukira kwa ine mwaulemu ndithu.

“Nanga inu, agogo, ndinu apongozi ake?”

Anayankha ndi mnzangayo, kuti ayi, awa ndiwo mai akulu, eni nyumba. Anatero ndithu, sindingamunamizire. Koma ananena chapansipansi, chitseko chitatsekedwa, tili anthu atatu.