Mzere pa Rada ya Mlamu

Anthu ankangomutcha Mlongoti, chifukwa kukangocha ankapezeka ali padenga la munthu. Anayamba ndi kukonza mawailesi pakhonde la sitolo, kenaka anaphunzira kumanga zida za intaneti yopanda waya. Imvi zisanamere, nyumba zoposa zana zinkakoka intaneti pachitsulo chake chimene anaimika pamwamba pa chigayo.

Mafunde a wailesi amene ankagwiritsa ntchito anali ogawana, koma laisensi inali ya rada ya ofesi ya zanyengo, makina oona mvula ikadali kutali. Zida za Mlongoti zikamva rada zinkapatuka zokha, ndipo intaneti inkaduka kwa mphindi yathunthu. Makasitomala ankamusowetsa mtendere. Tsiku lina zitamukwana anatsegula laputopu, n'kuzimitsa mbali yopatutsa zidazo. Madandaulo anatheratu.

Ku ofesi ya zanyengoko kunkagwira ntchito mwamuna wa mlongo wake. Lamlungu lina mlamuyo anabwera kudzacheza nkhope ili yakugwa.

"Alamu, pagalasi la rada pakubwera mzere woyera, ukuphimba mitambo yonse yakumadzulo. Abwana akuti ineyo ntchito yandikanika."

Mlongoti anaseka. "Makina anuwo akalamba, apatseni penshoni."

Mumtima anati akonza zida zakezo mawa lake. Mawalo linasanduka mwezi. Mvula yamatalala inagwa kumadzuloko popanda chenjezo, ndipo mlamu analandira kalata yomudzudzula.

Kenaka galimoto ya bungwe loyang'anira mafunde inaima pachigayo. Munatsika mayi atanyamula choyezera, pambuyo pake mlamu.

"Bambo, tatsikani tione laputopu yanu," anatero mayiyo.

Sizinatenge nthawi kuti mayiyo apeze zimene Mlongoti anazimitsa. Mlamu anayang'ana pagalasi, kenaka anayang'ana Mlongoti.

"Tsiku lija munkadziwa?"

"Ndinkangokayikira."

"Ndafunsa ngati munkadziwa."

"Eya, alamu."

Amayi odzagayitsa anali atasiya matumba awo n'kumaonerera. Mlongoti anasowa poika maso. Anakweranso makwerero kukazimitsa zida.

Patatha milungu itatu anamulola kuyatsanso, chida chilichonse chitalembedwa m'kaundula wa bungwelo. Kalata ya mlamu inafafanizidwa. Mlongo wake sanakalipe, anangofunsa kuti, "Achimwene, pakamwa panavuta chiyani?"

Masiku ano bungwelo likasonkhanitsa omanga intaneti kuti agwirizane za mafunde, Mlongoti amaimirira yekha n'kufotokoza zimene anachita, maso ali pansi. Mlamu amabwerabe kudzacheza, koma amangokamba za ana.